MAWU A UMISIRI WA MPHETE, MAKOZA NDI MIYALA YA MTENGO WAPATALI

Mawu Oyamba

Munthu akaloŵa mumsika wa Ndirande, mumzinda wa Blantyre, amalandiridwa ndi kulira kwa nyundo. Kumeneko kuli okhoma zidebe, opanga mbaula, ootcherera zitsulo ndi ogulitsa zitsulo zakutha. Ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri nakonso sikusoŵa amayi otunga mikanda ndi anyamata opota waya wamkuwa kuti atulutse zibangiri ndi mphete. Amisiri ena amafika pogula timiyala tokongola tokumbidwa m'dziko momwe muno ndi kutikhazika pa mphete kapena pa ndolo.

Nkhani za umisiri umenewu zachuluka m'nyuzi ndi pa wailesi, makamaka kuchokera mu 2025 pamene boma lidaletsa kutumiza kunja miyala yosakonza pofuna kuti izikonzedwa konkuno. Koma tikaŵerenga zimene zimalembedwa, timapeza kuti alembi ambiri amangozungulira pa mawu atatu. Mwala uliwonse amautcha “mwala wa mtengo wapatali”, chilichonse choŵala amachitcha “chitsulo”, ndipo ntchito iliyonse ya mmisiri amaitcha “kupanga”.

Ena angati vutoli ndi la alembi okha. Si choncho ayi. Tiyerekeze mnyamata wa ku Bangwe amene wasunga ndalama kwa miyezi ingapo kuti agule mphete yaukwati. Wogulitsa wamuuza kuti mpheteyo ndi “yagolide”, ndipo pa lisiti walembanso chimodzimodzi. Patangopita miyezi itatu, mphete ija yasuluka ndipo chala cha mkazi wake chabiriŵira. Kodi mnyamatayo akadandaula motani, pamene liwu limodzi lomwelo tikulitchula pa golide weniweni, pa mkuwa wokutidwa ndi golide, ndiponso pa chitsulo chongopaka utoto wachikasu? Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula sangathe kunyema mphete monga anyemera nkhuyu. Chimene chingamuuze zam'kati ndi mawu olongosoka.

Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza kuti mawu a ntchito ya mmisiri ndi mayina a zodzikongoletsera tili nawo kale, ndipo sitiyenera kuwabwereka. Oyenera kubwereka ndi mayina a miyala ndi a miyezo, ndipo powabwerekapo tiyenera kutsata malamulo a kalembedwe.

1. Kumene Umisiriwu Udachokera

Kuti timvetse chifukwa chimene mawu ena tili nawo pamene ena tilibe, tiyambe tayang'ana mbiri.

Kusula golide si kwachilendo m'chigawo chino cha Africa. Pa phiri la Mapungubwe, pamene mtsinje wa Shashe umakumana ndi Limpopo, padapezeka manda a mafumu kumapeto kwa chaka cha 1932. M'mandamo mudali mikanda yagolide yambirimbiri ndiponso kachifanizo ka chipembere kamene kadatchuka pa dziko lonse. Amisiri a m'zaka za m'ma 1200 adasema chipembere pa mtengo, adaphwanthula golide mpaka kupyapyala ngati tsamba, ndipo adakuta mtengowo ndi golideyo pomukhomera ndi timisomali tagolide.

Kufupi ndi kwathu kuno, pa Ingombe Ilede m'mbali mwa Zambezi m'dziko la Zambia, anthu okumba malo a thanki yamadzi adavumbula manda ena mu 1960. Eni mandawo, amene adakhalako m'zaka za m'ma 1400 kapena 1500, adaikidwa ndi mikanda yagolide, mitanda yamkuwa, mphande ndi zipangizo zokokera waya. Wayayo ankamukoka polowetsa ndodo yamkuwa pa chiboo cha chitsulo, kenaka pa chiboo chochepera, mpaka itasanduka yopyapyala ngati ulusi.

Nanga Amaravi? Pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, pamene padali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adapeza zinthu zachitsulo ndi zamkuwa, minyanga yosema ndi mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja. Golide adaliko m'dziko la Undi, ndipo m'zaka za m'ma 1700 Apwitikizi ankamukumbitsa ku Mano ndi kupita naye ku Tete. David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire kuyambira mu 1859, adalemba za ng'anjo za Amang'anja ndiponso za mphete ndi zigwinjiri zawo zachitsulo ndi zamkuwa.

Tikaphatikiza zonsezi tikuona kuti makolo athu a kumpoto kwa Zambezi luso lawo lenileni lidali pa chitsulo, mkuwa, minyanga ndi mikanda. Golide adali katundu wamalonda wodutsa. Chinenero nachonso chikuchitira umboni. Liwu lathu lakuti “ndalama” lidachokera ku liwu la Chiarabu lakuti dirham, ndipo kwa Ashona “ndarama” ndiye golide. Kwa ife lidangotsala pa makobiri. Choncho mlembi wofotokoza mphete ya mmisiri wa ku Ndirande asathamangire kunena kuti yatengera “golide wa makolo athu”. Anene zoona zake: kuti kapotedwe ka wayayo ndi kakalekale m'chigwa cha Zambezi, kapena kuti kakutidweko kakukumbutsa za Mapungubwe. Ulemu wa makolo suchepa chifukwa chakuti tanena zoona.

2. Mayina a Zodzikongoletsera

Mawu ali m'munsiŵa ndi athuathu kapena adakhazikika kalekale. Alembi asawasinthanitse mwachisawawa.

Mphete: chovala cha pachala. Dzinali lili m'gulu la I-Zi-, choncho silisintha pochulukitsa: mphete iyi, mphete izi.

Ndolo: chovala cha kukhutu. Nalonso silisintha: ndolo imodzi, ndolo ziŵiri.

Chipini: kachovala ka pamphuno, kodziŵika makamaka pakati pa amayi a Chiyao.

Khoza: chovala cha pamkono chosemedwa chathunthu, chopanda polumikiza. Kale linkasemedwa pa mnyanga wa njovu, koma popeza malonda a minyanga ndi oletsedwa, lero amisiri amasema pa mtengo, pa fupa kapena pa nyanga ya ng'ombe. Pochulukitsa timati “makoza”, osati “makhoza”, monga momwe “khasu” limakhalira “makasu” ndipo “khola” limakhala “makola”.

Chigwinjiri: chovala cholemera chachitsulo kapena chamkuwa, cha pamkono kapena pamwendo.

Chibangiri: chovala chopepuka cha pamkono. Ili ndi liwu lobwereka, koma lidakhazikika.

Nsambo: waya wopyapyala amene ankamukulunga kuti akhale zovala za pamkono ndi pamwendo. Liwu lomweli timalimvanso ponena za nsambo za bangwe ndi za gitala.

Mkanda: kanthu koboola pakati kotungidwa pa ulusi. Mkanda ungathe kukhala wagalasi, wamwala, wanjere kapena wagolide.

Mphande: chovala chaulemu chozungulira, chodulidwa kutsinde kwa chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere.

Ngale: kanthu koŵala kamene kamamera m'kati mwa chigoba cha nkhono yam'madzi. Ngale si mwala, ndipo sikumbidwa pansi. Kutcha mwala wa ku Mzimba kuti ngale ndi kusokeretsa woŵerenga.

Pa chovala cha m'khosi cholumikiza timphete tachitsulo, ena amalemba “unyolo”. Liwuli ndi lolondola, koma limakumbutsa akapolo ndi akaidi. M'nkhani ya ukwati ndi bwino kunena “tcheni cha m'khosi” monga anthu amanenera, kapena “kaunyolo ka m'khosi”.

3. Aneni a Ntchito ya Mmisiri

Apa ndi pamene Chicheŵa chidalemera kwambiri, ndipo ndi pamenenso alembi amachisaukitsa ndi liwu lakuti “kupanga”.

Kuyenga ndi kulekanitsa chitsulo ndi dothi kapena zinyalala zake pa moto. Malo ake akale ndi ng'anjo. Golide woyengeka ndi amene wachotsedwa zosafunika.

Kusungunula ndi kutenthetsa chitsulo mpaka chisanduke madzi. Siliva amasungunuka pa madigiri 962, golide pa 1,064 ndipo mkuwa pa 1,085. Kuti makala afike pamenepo pamafunika mvukuto. Chosungunukacho amachithira m'chikombole.

Kusula ndi kumenya chitsulo ndi nyundo kuti chitenge maonekedwe ofunika. Malo ake ndi chipala, ndipo chitsulo chamoto amachigwira ndi mbaniro. Woyenga ndi wosula angathe kukhala munthu mmodzi, koma ntchitozo ndi ziŵiri.

Kukoka waya ndi kumene tafotokoza kale kuja. Kupota ndi kupiringiza mawaya aŵiri kapena atatu pamodzi monga timachitira ndi chingwe.

Kuotcherera ndi kulumikiza zitsulo ziŵiri ndi moto.

Kuzokota ndi kulemba kapena kujambula pa chitsulo mochita kugoba. Dzina la mkwati limazokotedwa m'kati mwa mphete.

Kukuta ndi kuphimba chitsulo china ndi golide kapena siliva wopyapyala. Kupaka ndi kwa utoto.

Pa mwala pali ntchito zinayi zotsatizana: kudula, kupera mbali zake pa gudumu kuti zikhale zolingana, kusalaza, ndi kuŵalitsa. Pomaliza mmisiri amakhazika mwalawo pa mphete ndi kupinda timano tachitsulo toti tiugwire.

Tsono tibwerere kwa mnyamata wa ku Bangwe uja. Pa lisiti pakadayenera kulembedwa chimodzi mwa zitatu izi: “mphete yagolide”, “mphete yamkuwa yokutidwa ndi golide”, kapena “mphete yooneka ngati golide”. Mawu onseŵa ndi a Chicheŵa chodziŵika, ndipo palibe limene lachita kupekedwa.

4. Mayina a Zitsulo ndi Miyezo Yake

Liwu lakuti “chitsulo” lili ndi matanthauzo aŵiri. Limatchula chimene amasulira makasu, komanso limatchula mtundu wonse wa zinthu zotere. M'buku la sayansi mlembi afotokoze poyambirira tanthauzo limene akutsata.

“Mkuwa” nalonso limaphimba zinthu zitatu. Pali mkuwa wofiira, wopanda chosakaniza, umene uli m'mawaya a magetsi. Pali mkuwa wachikasu, wosakaniza ndi zinki, umene kaŵirikaŵiri umanamizira golide. Palinso mkuwa wosakaniza ndi tini, umene umatchedwa bulonzi. Tikupempha alembi kuti azionjezera mfotokozi: mkuwa wofiira, mkuwa wachikasu. Mkuwa ndiwo umabiriŵiritsa chala ukakumana ndi thukuta. Golide sachita dzimbiri.

Buku Lopatulika la mu 1922 lidalemba “golidi”, koma kalembedwe kamene kafala ndi kakuti “golide”, ndipo nkoyenera kukatsata. Mayina a golide ndi siliva amayendera mgwirizano wa mayina monga “fodya”: golide uyu, siliva wabwino. Masiku ano liwuli likulembedwa kaŵirikaŵiri chifukwa golide amapezeka m'chigwa cha Lisungwi ndi ku Makanjira m'boma la Mangochi, ndipo mu 2021 Reserve Bank of Malawi idayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono.

Pali msampha pa liwu lakuti “kalati”, chifukwa limayeza zinthu ziŵiri zosiyana. Pa golide, kalati amasonyeza kuyera kwake. Golide wosasakaniza ndi wa makalati 24, koma ndi wofeŵa kwambiri, choncho amamusakaniza ndi siliva kapena mkuwa. Wa makalati 18 ali ndi magawo 750 a golide pa magawo 1,000 alionse, ndipo wa makalati 9 ali ndi magawo 375. Manambala ameneŵa ndiwo amadindidwa m'kati mwa mphete. Pa siliva wa zodzikongoletsera pamadindidwa 925. Pa mwala, kalati amasonyeza kulemera: kalati mmodzi ndi mamiligalamu 200, kutanthauza kuti makalati asanu ndiwo galamu imodzi. Mlembi anene momveka kuti “golide wa makalati 18” kapena “mwala wolemera makalati 2”. Asamalenso kuti asalembe “kaloti”, poti ameneyo ndi wa kudimba.

5. Mayina a Miyala

Makolo athu sankadula miyala yoŵala kuti aikhazike pa mphete, choncho mayina ake ambiri tiyenera kubwereka. Komabe liwu limodzi tili nalo: nsangalabwi, mwala wolimba woyera umene Angerezi amati quartz. Mwala wofiirira wa mtundu umenewu wopezeka ku Mzimba tingautche “nsangalabwi yofiirira” popanda kubwereka kanthu.

Omasulira Buku Lopatulika adatisiyiranso mayina otengera ku Chigiriki monga safiro, berulo, topazi ndi yaspi. Mawu amene akhala m'chinenero zaka zoposa 100 ndipo akuŵerengedwa m'matchalitchi sitiyenera kuwataya. Choncho “safiro” ndi loyenera kuposa “safaya”. Mayina amene tikuwaika pamaso pa aŵerengi ndi aŵa:

Lubi: mwala wofiira. Safiro: mwala wa mtundu womwewo, koma wamtambo, wachikasu kapena wa maonekedwe ena. Miyala iŵiriyi ndi pachibale chenicheni. Kufiira kwa lubi kumadza chifukwa cha kachitsulo kotchedwa kolomiyamu. Yonse iŵiri imapezeka pa phiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu, pamene idadziŵika mu 1958. Lubi wambiri adapezekanso ku Montepuez m'dziko la Mozambique mu 2009.

Akwamalini: mwala wooneka ngati madzi a m'nyanja, wokumbidwa ku Mzimba ndi ku Lundazi. Emerodi: mwala wobiriŵira ngati msipu, wotchuka ku mgodi wa Kagem m'dziko la Zambia. Iŵiriyi ndi ya banja la berulo.

Ametisiti ndi ageti: iyi ndi ya banja la nsangalabwi. Ageti wamtambo wa ku Ngabu m'boma la Chikwawa amadziŵika ndi kunja komwe.

Ganeti: mwala wofiira moderako. Tomalini: mwala wa maonekedwe osiyanasiyana. Dayamondi: mwala wolimba koposa yonse.

Alembi azindikire kuti maonekedwe si dzina. Mwala wofiira ungathe kukhala lubi, ganeti kapena galasi wamba, ndipo mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Njira imodzi yoisiyanitsira ndi kulimba. Pa muyezo umene Friedrich Mohs adakonza mu 1812, dayamondi ali pa 10, lubi ndi safiro pa 9, topazi pa 8, nsangalabwi pa 7, pamene galasi silifika ndi pa 6 pomwe. Mwala wolimba umakala wofeŵa. Choncho mkonzi akalandira nkhani yonena kuti munthu “watola lubi”, afunse amene adauyeza mwalawo; ngati palibe, alembe kuti “mwala wofiira”.

Tisiyanitsenso magulu atatu aŵa. Mwala wachilengedwe ndi wokumbidwa pansi. Mwala wopanga ndi wotuluka m'fakitale koma wofanana ndi wachilengedwe m'kati ndi kunja. Njira yopangira lubi wotere adailengeza ndi Auguste Verneuil wa ku France mu 1902. Mwala wonamizira ndi galasi kapena pulasitiki wongofanana maonekedwe. Kutcha magulu aŵiri omalizaŵa kuti “feki” ndi kuwasakaniza, chonsecho mitengo yake ndi yosiyana.

6. Za Kalembedwe

Malamulo a kalembedwe ka Chicheŵa adasindikizidwa mu 1973 ndipo adakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Mfundo zake zimene zikukhudza mawu a m'nkhani ino ndi izi:

Choyamba, lembo la r limatsatira i kapena e, pamene l limatsatira a, o, u ndiponso limayamba liwu. Ndicho chifukwa chake tikulemba chibangiri, chigwinjiri, safiro, emerodi, koma kalati, akwamalini ndi tomalini. Tikulemba “lubi” monga timalembera labala, lisiti ndi lipoti. Mayina a anthu ndi a malo akunja, monga Friedrich Mohs ndi Montepuez, sasinthidwa.

Chachiŵiri, phatikizo la Chicheŵa kaŵirikaŵiri limatha ndi lembo la liwu. Liwu lobwereka liyenera kuvala zimenezi: golide, ganeti, ageti, dayamondi, bulonzi.

Chachitatu, lembo la h pambuyo pa p, t kapena k limasonyeza mpweya, monga mu “mphete” ndi “khoza”. Tisatengere h wa m'chinenero china pamene ife sitikutulutsa mpweya. Tilembe “ametisiti”, osati “amethisiti”.

Chachinayi, tilembe mkuwa, mkanda, mmisiri, osati nkuwa, nkanda, m'misiri. Nkhodolero imaima pamene “mu” wafupikitsidwa, monga “m'khosi” ndi “m'chikombole”, ndiponso mu “ng'anjo” pofuna kusiyanitsa kamvekedwe kake ndi ka “ngale”.

Chachisanu, pofotokoza chimene chinthu chidapangidwa nacho timaphatikiza: mphete yagolide, waya wamkuwa, mkanda wagalasi. Posonyeza umwini timalekanitsa: mphete ya mfumu, mtengo wa golide, chipala cha mmisiri. Taonani kusiyana kwake: “mtengo wa golide” ndi ndalama zogulira golide, pamene “mtengo wagolide” ungakhale mtengo wa masamba ndi nthambi wosulidwa ndi golide.

Chachisanu ndi chimodzi, pochulukitsa mayina a miyala tisakakamize mphatikiri. M'malo mwa “malubi” kapena “asafiro”, tinene kuti “miyala ya lubi”, “miyala itatu ya safiro”.

Mawu Omaliza

Mayina a miyala amene tapereka pano ndi maganizo oti akambidwe, ndipo amene adzawakhazikitse ndi anthu owalankhula ndi owalemba. Koma mawu monga kuyenga, kusula, kukuta, khoza ndi nsambo safuna chilolezo cha munthu. Amangofuna kugwiritsidwa ntchito asanaiŵalike.

Tikupempha aphunzitsi a Chicheŵa, makamaka a m'sukulu za ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, kuti atume ophunzira awo kwa amisiri a m'misika ndi kwa agogo awo. Akafunse dzina la chipangizo chilichonse ndi la ntchito iliyonse, akalembe monga alimvera, ndipo akatchule dera limene wonenayo adachokera. Akonzi a nyuzi ndi a mabuku nawonso atidziŵitse mawu amene akuwavuta pa nkhani za migodi ndi malonda a miyala. Mndandanda umene tidzasonkhanitse tidzausindikiza kuti aŵerengi onse adzaperekepo maganizo awo.